Masewera othamangitsa manja ndi mutu pabanja: a m'bokosi, a kwa kalipentala kapena a zitsekerero?

Tchuthi cha Disembala chikafika, nyumba zambiri kuno ku Mchinji zimadzaza. A ku sekondale abwerako, adzukulu a ku Lilongwe atsikira pa Kamwendo kapena pa boma, ena aolokera pa Mwami kuchokera kwa azakhali awo ku Chipata. Mmawa onse ali kumunda kupalira mtedza ndi soya, koma mvula ya madzulo ikangoyamba, anthu khumi aunjikana pakhonde limodzi, foni yokhala ndi moto ndi imodzi, oilimbirana ndi ana anayi. Apa m'pamene kholo limayamba kufunsa ngati kulibe masewera oti onse alowemo, kuyambira wa Sitandade 1 mpaka agogo.

Alipo, ndipo ndikunena za mtundu umodzi wokha: aja othamanga, oti mutu upeze yankho msanga, manja nawo alifikitse osagwetsa kanthu, chigawo n'kutha m'mphindi imodzi kapena ziwiri. Ena amabwera m'mabokosi kuchokera kunja, ena ndi athu akale, ena kalipentala wa pa msika akhoza kukupangirani. Poyerekeza, za mtengo ndimaziika pambuyo. Ndimayamba ndaona kuti masewerawo asiya ndani panja, kenako ndimafunsa kuti kanthu kamodzi kakasowa, athera pomwepo kapena apitirira. M'nyumba ya ana kanthu kamasowa ndithu.

Ludo ndi njoka ndi makwerero tiwachotseretu. Savuta kupeza, ndipo kawirikawiri amakhala pa katoni imodzi, Ludo kuno, njoka kuseri. Ludo adachokera ku masewera a ku India otchedwa Pachisi, ndipo adalembetsedwa ku England mu 1896. Koma pa njoka ndi makwerero palibe chimene munthu amasankha, wolamula ndi dayisi. Pa Ludo umasankhako pang'ono, koma ukhoza kungokhala duu, anzako akuzungulira, iwe ukudikira 6 kuti utuluke. Drafuti ya zitsekerero ili ndi nzeru zambiri, koma ndi ya anthu awiri, ndipo luso la manja limangoonekera pomenyetsa chitsekerero pa thabwa munthu akamadya.

Zathu zakale

Amene amati bawo ndi masewera ochedwa sanaimepo pambali pa madoda a pa siteji ya kabaza akamasewera. Maenje ndi 32, mizere inayi, nkhomo 64. Pa bawo ya akuluakulu aliyense amayamba ndi nkhomo 12 pa thabwa, 8 m'dzenje lotchedwa nyumba ndi ziwiriziwiri m'maenje awiri oyandikana nayo, ndipo 20 zotsalazo zimalowa imodziimodzi. Katswiri amawerengeratu kuti nkhomo yomaliza ikagwera pati, ndipo akatolanso pamenepo akathera kuti, zonsezi dzanja lisananyamuke. Likanyamuka, woonerera amangomva kulira kwa nkhomo, maso osatsatira. Pa nzeru, palibe masewera a m'bokosi amene nditchule pano ofika pa bawo.

Vuto lake pabanja ndi lodziwika. Osewera ndi awiri, ena onse ndi oonerera ndi olangiza osapemphedwa. Komanso wodziwa ndi wophunzira amatalikirana kwambiri. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri akhoza kusewera ndi agogo ake aamuna tchuthi chonse osawagonjetsapo, pokhapokha iwo atamulekera dala, ndipo ana amazindikira akamalekeredwa. Bawo ikhalepo pakhomo, mwana aphunzire, koma si imene ingasonkhanitse anthu khumi a pakhonde aja.

Atsikana ali ndi awo a timiyala, amene cha ku Chipata amati chiyato. Kadzenje pansi, timiyala m'katimo, kamwala kamodzi kuponya m'mwamba, dzanja lomwelo litulutse timiyala n'kuwakha kamwala kaja kasanagwe, kenako kuponyanso, kubwezera timiyala m'dzenje n'kusiya kamodzi. Luso la manja lili apali ndi lalikulu kuposa la masewera onse ogula, ndipo salira ngakhale tambala. Koma kuganiza n'kochepa, pamafunika kuwala ndi dothi louma, ndipo abambo a m'nyumba simungawakhazike pansi kuti awakhe timiyala ana awo akuona.

Jenga ndi nkhani ya kalipentala

Mwa masewera a kunja, Jenga ndi amene ambiri adaonapo, kaya pa kanema kaya ku malo ogona alendo. Adawatulutsa ndi Leslie Scott, mayi wobadwira ku Dar es Salaam, amene ankasewera ndi abale ake ku Ghana asanakawaonetse pa chionetsero cha zoseweretsa ku London mu 1983. Ndi timatabwa 54, tosanjika titatutitatu mopingasana mpaka misanjiko 18. Aliyense pa nthawi yake amasolola kamodzi ndi dzanja limodzi n'kukaika pamwamba. Amene nsanja yagwera m'manja mwake ndiye waluza.

Ubwino wake waukulu ndi woti simufunika kuitanitsa kunja. Kathabwa kalikonse ndi kotalika masentimita 7.5, m'lifupi 2.5, kuchindikala 1.5. Titatu tikagundizana timakwana 7.5, n'chifukwa chake msanjiko uliwonse umakhala wofanana mbali zonse. Kalipentala aliyense wa pa boma, pa Mkanda kapena pa Kapiri akhoza kudula zimenezi ku zidutswa zotsala, koma mukangomuuza kuti "timatabwa ta ana", adzakupatsani tosiyana misinkhu, ndipo nsanja siifika ndi pa msanjiko wachisanu. Muuzeni ayambe wapala thabwa limodzi lonse mpaka lifike pa 1.5, ndiye alicheke mizeremizere, kenako adule. Kuchindikala ndi kumene kuli nkhani, utali ukaphonyeka pang'ono si mlandu. Ta ku fakitale timasiyana pang'ono kwambiri, mwadala, kuti tina tizikhala tomasuka, koma ta pamanja timasiyana kale tokha, ndiye musachite kupempha.

Thabwa likhale louma, la paini kapena malaina, chifukwa laliwisi limapindika likamauma. Asapake vanishi ngakhale atakunyengererani kuti tioneke bwino, poti nyengo ya mvula vanishi amamata ndipo kathabwa kamakoka anzake. Sandipepala yekha akwana. Muitanitse 60 kuti 6 tikhale tapadera, ngakhale kuti Jenga amaseweredwabe tingapo titasowa.

Nzeru zilimo, koma zochepa. Pa msanjiko uliwonse mukhoza kuchotsa kapakati, kapena ta m'mbali tiwiri. Mukachotsa kapakati, msanjikowo watha, palibenso wina angachotsepo. Mukachotsa ka m'mbali, mwasiyira mnzanu ka mbali inayo. Wochenjera amawerenga zimenezi masewera akamafika kumapeto. Kupatula apo, ndi nkhani ya dzanja losanjenjemera, ndiye agogo amene manja ayamba kugwedera amakhala oluza tsiku ndi tsiku. Komanso Jenga si wothamanga, amachedwerachedwera nsanja ikamatalika. Pa mphasa saima, pa tebulo logwedera saima, amafuna simenti yosalala, ndipo akagwa usiku mwana wogona kuchipinda adzuka basi. Ndi masewera abwino a masana a Khirisimasi, anthu ambiri akukuwa, koma si amene tikufunawa.

Aja olimbirana chinthu chimodzi

Gulu lina ndi la masewera oti onse amayang'ana pakati, woyamba kuona yankho n'kutsompha. Halli Galli, wopangidwa ndi Haim Shafir n'kufalitsidwa ndi kampani ya ku Germany ya Amigo, ali ndi makhadi 56 a zipatso za mitundu inayi, ndi belu pakati. Aliyense amatembenuza khadi pa nthawi yake. Zipatso za mtundu umodzi zikakwana zisanu ndendende pa makhadi oonekawo, woyamba kumenya belu atenga onse. Mwana amaphunzira kuphatikiza osadziwa kuti akuphunzira: nthochi ziwiri apa, zitatu apo, ngii! Mukhoza kutsanzira ndi makhadi wamba, potenga kuyambira A mpaka 5 m'mapaketi awiri, mbale yovundikira n'kukhala belu. Koma dziwani pakhomo panu. Kuli makomo ambiri opemphera kumene makhadi wamba amatengedwa ngati njuga, ndipo sangalowe m'nyumba ngakhale mutafotokoza bwanji.

Dobble, amene ku America amagulitsidwa ndi dzina loti Spot It!, adatuluka ku France mu 2009. Ndi makhadi 55 ozungulira m'kachitini, lililonse lili ndi zithunzi 8, ndipo makhadi awiri alionse amafanana chithunzi chimodzi chokha basi. Woyamba kuchiona n'kuchitchula ndiye wapata. Amalola anthu mpaka asanu ndi atatu, khadi likasowa palibe chimene chawonongeka, ndipo kachitini kamalowa m'thumba. Apa mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi amagonjetsa bambo ake mosachita kulekeredwa, ndiye pa mfundo yosasiya munthu panja ali bwino ndithu. Chovuta n'choti zithunzi zina ndi za kwa eni ake: tsamba la pa mbendera ya Canada, nyumba yomangidwa ndi madzi oundana, nyama zakalekale zimene ana amazidziwira pa katuni. Agogo amachiona chithunzicho msanga koma dzina alibe, pamene akuti "ichi, ichi, chakutichi", mdzukulu watchula kale.

Mukafuna kuona mmene amagwirira ntchito, pangani kakang'ono nokha. Sankhani zinthu zisanu ndi ziwiri za pakhomo, monga khasu, nkhuku, njinga, dengu, nsomba, mpando ndi mtedza, muzipatse manambala 1 mpaka 7. Ndiye jambulani makhadi asanu ndi awiri motere: 1-2-3, 1-4-5, 1-6-7, 2-4-6, 2-5-7, 3-4-7, 3-5-6. Tengani awiri alionse, mupeza kuti akufanana chinthu chimodzi. Kwa ana a ku mkaka zimakwana. Koma tinene zoona, nzeru za Dobble zili mwa amene adasanja makhadiwo, wosewera amangofunika diso lakuthwa.

Amene amagwiritsadi mutu ntchito pa gulu limeneli ndi Ghost Blitz, wa Jacques Zeimet, wotuluka ku Germany mu 2010. Pakati pamakhala tinthu tisanu tathabwa: mzukwa woyera, mpando wofiira, botolo lobiriwira, buku labuluu ndi mbewa yotuwa. Khadi limaonetsa ziwiri mwa zinthuzi. Ngati chimodzi chili ndi mtundu wake weniweni, tsomphani chimenecho. Ngati zonse zapakidwa mitundu yolakwika, muyenera kutenga chinthu chimene sichikuoneka pa khadipo, ndipo mtundu wakenso sukuonekapo. Tiyerekeze khadi lili ndi mbewa yobiriwira ndi buku lofiira. Mbewa yatuluka, buku latuluka, kubiriwira kwachotsa botolo, kufiira kwachotsa mpando, ndiye yankho ndi mzukwa. Zonsezi mutu uchite m'kamphindi, dzanja lili m'malere kufuna kugwira cholakwika. Pa kuphatikiza nzeru ndi liwiro, amenewa ndimawapatsa ulemu.

Koma onse atatuwa ali ndi chinthu chimodzi chimene amene adawapanga sadachiganizire. Manja amakumana pakati. Kuno kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi sagundana manja wamba, ena ngakhale kukhala pa mphasa imodzi amachita manyazi. Ndiye taganizani dzanja la mkamwini litagwera pa dzanja la apongozi pamwamba pa belu. Kapena mwana amene tsiku lonse timamuphunzitsa kulandira chinthu ndi manja awiri, madzulo akutsomphola botolo m'manja mwa amalume ake. Ana paokha, kapena asuweni okhaokha, amasewera mpaka kugubuduka ndi kuseka. Akuluakulu akalowapo, wina amayamba kubweza dzanja mwaulemu, ndipo wobweza dzanja sangapambane. Za mzukwa uja nazonso, makomo ena sangakondwe kuona ana akulimbirana mzukwa, ngakhale uli wathabwa.

Aliyense ndi zida zake

N'chifukwa chake ine ndimakondera masewera oti aliyense ali ndi zida zake patsogolo pake, onse akuthamangira khadi limodzi koma osalandana kanthu. Speed Cups, wa Haim Shafir yemwe uja, amapatsa wosewera aliyense timakapu tisanu ta mitundu isanu. Khadi likatembenuzidwa, mumasanja timakaputo motsatira mitundu ya pa chithunzi, mondondozana kapena mosanjikiza. Ndi osavuta kufotokoza, koma kuganiza n'kochepa, ndipo belu lija lilipobe.

Dr. Eureka ndiye wafika penipeni. Adamupanga ndi Roberto Fraga, n'kutuluka mu 2015 kudzera ku kampani ya Blue Orange. Wosewera aliyense amalandira timabotolo titatu toonekera m'kati, tonga ta ku labotale ya sukulu, ndi timipira tisanu ndi kamodzi ta mitundu itatu, tiwiri mtundu uliwonse. Khadi limaonetsa mmene timipirato tikhalire m'timabotolomo. Ntchito ndi kutsanula kuchokera m'kabotolo kena kupita m'kena, osagwira kampira ndi chala, osagwetsa. Wogwetsa watuluka m'chigawo chimenecho. Woyamba kusonkhanitsa makhadi asanu ndiye wapambana. Pali kachinyengo kololedwa kamene kamakometsa zinthu: kabotolo mukhoza kukaimika chadodolido, ndiye timipira timene tinali mosemphana timapezeka takhala bwino popanda kutsanula.

Mutu ndi manja apa zimagwira ntchito mofanana, ndipo palibe wokhudza mnzake. Zikadakhala kuti amapezeka pa golosale, nkhani ikadathera apa. Koma ameneyu ndi woitanitsa, kapena wotumitsa kwa m'bale amene ali ku Joni kapena ku Ulaya. Bokosi limodzi ndi la anthu anayi basi. Timipira take 24 timagubuduka, ndipo pakhonde la kumudzi kamodzi kakagwa kamakathera m'ngalande ya madzi a mvula. Kakasowa kamodzi, osewera atsala atatu. Kabotolo kakapondedwa n'kusweka, chimodzimodzi. Mukakumana naye pa kaunjika wa zidole, muwerenge zonse musanalipire: timabotolo 12, timipira 24, makhadi 54. Kwa banja la m'tauni la ana awiri, lokhala ndi tebulo ndi kabati yotsekera, ndi masewera oyenera ndalama yake. Kwa banja la anthu khumi pa mphasa, ayi.

Thabwa la timitengo titatu

Nzeru ya m'masewera amenewa si yachilendo. Mu 1883 katswiri wa masamu wa ku France, Édouard Lucas, adatulutsa Tower of Hanoi: timitengo titatu ndi timbale tobowola pakati tosiyana kukula, tosamutsa kamodzikamodzi, kakakulu osakhala pamwamba pa kakang'ono. Timbale titatu timafuna kusuntha ka 7, tinayi ka 15, tisanu ka 31. Koma ameneyo ukangodziwa njira yake, watha, tsiku lililonse ndi yomweyo. Mukatenga timitengo ta Lucas n'kuphatikiza ndi mitundu ndi makhadi, mupeza masewera amene ndikuona kuti ndi oyenera pakhomo pa kuno kwathu kuposa onse ndatchulawa.

Wosewera aliyense akhale ndi kathabwa kotalika ngati masentimita 20, kobowola patatu, m'mabowomo mwazikidwa timitengo tansungwi tosalaza bwino, ndi guluu pang'ono. Musagwiritse misomali yoloza m'mwamba, pali ana. Kamtengo kalikonse katalike moti pakwane zitsekerero zinayi. Zitsekerero zake ndi zapulasitiki za mabotolo a zakumwa, zisanu ndi chimodzi pa munthu, mitundu itatu, ziwiriziwiri. Wamkulu azibowole pakati ndi msomali wotentha, bowo likhale lokulirapo kuposa kamtengo kuti chitsekerero chizitsika chokha. Makhadi ndi a katoni, ojambula ndi makrayoni: timizere titatu toimirira, pa kalikonse timadontho ta mitundu. Ntchito yojambulayi ipatseni a ku sekondale aja, iwatayitsa masana onse.

Malamulo ndi ochepa. Poyamba kamtengo kalikonse kali ndi ziwiri za mtundu umodzi. Khadi likatembenuzidwa, onse ayambe. Dzanja ndi limodzi, chitsekerero chimodzi pa nthawi, chapamwamba chokha, ndipo chikachoka pa kamtengo chipite pa kamtengo kena, osati pansi kapena m'dzanja linalo. Kamtengo kasapitirire zinayi. Ndi malamulo omwewa, zitsekerero zisanu ndi chimodzizo zikhoza kukhala m'masanjidwe 1,710 osiyana, ndiye makhadi sangakuthereni.

Musaderere kuti ndi za ana. Tengani khadi ili: kumanzere chofiira pansi choyera pamwamba, pakati choyera pansi chabuluu pamwamba, kumanja chabuluu pansi chofiira pamwamba. Mwayamba ndi zofiira kumanzere, zoyera pakati, zabuluu kumanja. Diso limakuuzani kuti kusuntha katatu kukwana, poti zosamuka ndi zitatu. Koma chilichonse chikufuna malo amene chinzake sichinachokepo. Njira yaifupi ndi kasanu: choyera chipite kumanzere, chabuluu chibwere pakati, choyera chija chibwerere pakati, chofiira chipite kumanja, choyera chikakhazikike kumanzere. Wothamanga osaganiza amasuntha ka 9 kapena ka 10, akudzitsekera yekha njira.

Ndidaona zimenezi pakhomo pa achibale cha ku Mkanda, magetsi atazima, tochi ya sola italendewera pa msomali. Mnyamata wa Folomu 2 manja ake ankangoti phethiphethi, zitsekerero zikulira pa nsungwi. Agogo ake aakazi khadi litatembenuzidwa sanagwire kanthu. Analiyang'ana, milomo ikugwedera pang'ono, ndiye n'kuyamba kusuntha mosapupuluma.

"Ndatha!" anakuwa mnyamata uja.

"Wathadi iwe? Taonanso kapakatiko," anatero amayi ake, amene ankatembenuza makhadi.

Chabuluu chinali pansi, choyera pamwamba. Pamene ankati akonze, agogo anali ataika manja pamwendo.

"Agogo, inu munayambiratu khadi lisanatembenuzidwe."

"Ine? Funsa amayi akowa. Iwe umayamba ndi manja, ine ndimayamba ndi cha pansi."

Akunena zoona gogoyo. Chitsekerero chimene chikhale pansi pa kamtengo ndi chimene chiyenera kufikapo poyamba, ndiye wodziwa amawerenga khadi kuchokera pansi kukwera m'mwamba, n'kuona pamene aimike chomutsekereza. N'chifukwa chake masewerawa sakondera msinkhu umodzi. Pa khadi losavuta amapambana wa manja opepuka, pa khadi lopotana amapambana wodekha. Posakaniza makhadi muonetsetse kuti mitundu yonse iwiri ilimo. Mukhoza kulemba kadontho kuseri kwa ovutawo kuti wotembenuza azisinthanitsa.

Pali pamene Dr. Eureka amaposa thabwa lathuli, ndipo sindibisa. Kutsanula kampira kamodzi, tinzake osatsatira, kumafuna dzanja laluso kuposa kuvala chitsekerero pa kamtengo, ndipo kachinyengo kotembenuza kabotolo kaja pano palibe. Koma luso la manja mukhoza kuliwonjezera. Amene akupambana motsatizana asewere ndi dzanja lamanzere, kapena azinyamula chitsekerero ndi pegi yoyanikira zovala. Mudzaona mnyamata wonyada uja lilime lili panja, chitsekerero chikupulumuka pa pegi, wa Sitandade 1 akumudutsa. Chikagwa pansi, watuluka chigawo chimenecho.

Ndipo zimene zimapha masewera ogula, pano sizipweteka. Chitsekerero chikasowa, mwana athamangire pa golosale akatole china. Alendo akachuluka, kalipentala adule timatabwa tina. Kathabwa kamakhala pa mphasa, pa simenti, ngakhale pamwendo. Mkamwini akhoza kukhala kumapeto kwa khonde ndi kake, apongozi mbali ina ndi kawo, bola onse akuliona khadi. Chotero makhadi ajambulidwe aakulu, ngati chikhatho cha munthu wamkulu, ndipo wotembenuza aziliimika, osaligoneka.

Pa mitundu samalani. Usiku pa kuwala kwa kandulo kapena tochi yofooka, buluu ndi kubiriwira zimafanana. Komanso alipo anthu, makamaka aamuna, amene mwachibadwa sasiyanitsa bwino kufiira ndi kubiriwira, ndipo ambiri sadziwa n'komwe, amangooneka ngati osamvetsa. Zoyera, zofiira ndi zabuluu zimasiyana bwino. Zikavuta kupeza, lembani chizindikiro pa chitsekerero chilichonse, mtanda, kadontho kapena kamzere, n'kujambula zomwezo pa makhadi.

Pakhomo pamene pali mwana wokwawa, kumbukirani kuti mabokosi a masewera okhala ndi tizidutswa ting'onoting'ono amalembedwa chenjezo loti si a ana osakwana zaka zitatu, chifukwa akhoza kutsamwidwa. Timipira ta Dr. Eureka n'toopsa kwambiri pa mfundo imeneyi, koma zitsekerero nazonso si zomusiyira mwana. Mukatha kusewera muziwerenge, zilowe m'chitini chotseka, chitini chikwere pamwamba.

Chotsala ndi mkangano woti watha poyamba ndani, chifukwa umenewu udzabuka tsiku loyamba lomwe. Belu musaike, lingabweretsenso kugundana kwa manja kuja. Wotsiriza anene kuti "ndatha" n'kuchotsa manja pa thabwa, ndipo akatero asakhudzenso kanthu. Ena apitirize, asaime, mpaka wotembenuza makhadi atayang'ana kamtengo kalikonse kuchokera pansi. Ngati zili bwino, khadi ndi lake. Ngati walakwitsa, chigawo chimenecho watuluka, ndipo abweze khadi limodzi mwa amene adapata kale. Lamulo lobweza khadili ndi limene limaletsa ana kukuwa asanayang'ane. Wotembenuza asakhale wosewera, ndipo azisinthana pakatha makhadi asanu, kuti amayi a m'nyumba nawo asamangokhala oweruza usiku wonse.